Tsamba Loyera ndi Kachala Kanga

Kachala kakang'ono ka dzanja langa lamanja sikapinda. Kanangouma cholozera kumbali, ndipo mwezi wa Juni ukafika, nkhungu itakuta mapiri athu a ku Ntcheu, kamandiwawa mpaka m'chigongono. Anthu akandifunsa ndimangoti inali ngozi ya pa ntchito. Si bodza kwenikweni. Kanathyokera pa ntchito, masanasana, ndipo anakathyola ndi amuna anga, pa nkhani ya kalembedwe ka masamba a pa intaneti. Ena ndikawauza amaseka, amayesa nthabwala. Ndiziwatchulabe kuti amuna anga, mwaulemu choncho, chifukwa lilime linazolowera, osati kuti ulemuwo ulipo.

Ndinakulira ku Biriwiri, kwa makolo olima kachewere ndi kabichi. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinapita pa boma kukaphunzira kutayipa, ndipo n'kumene ndinakumana nawo. Anali ndi kashopu ka chipinda chimodzi kuseri kwa msika, pakati pa telala ndi wokonza mafoni. Munali makina a fotokope, pulinta yokonda kutafuna mapepala, ndi laputopu imene ankaisamala kuposa munthu. Tinkatayipa makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a maukwati ndi a maliro. Koma ntchito imene ankanyadira nayo inali yopanga mawebusaiti. Anakaiphunzira ku Lilongwe, ndipo mutu unalipo, zimenezo sindingawalande.

Kwa inu amene simunaionepo ntchitoyi, imakhala chonchi. Tsamba limene mumatsegula pa foni nthawi zambiri silikhala litalembedwa kale. Pali kompyuta ina kutali, timaitcha seva, imene imalisoka nthawi yomweyo inu mukalipempha. Imatsatira malangizo amene ife talemba, ndiwo khodi, ndipo ife tinkalemba m'chinenero cha PHP. Khodiyo imakatenga mayina ndi zithunzi kumene zasungidwa, n'kuzikulunga mu HTML, zizindikiro zimene zimauza foni yanu kuti apa ndi mutu, apa chithunzi, apa mzere watsopano. Nkhondo yonse ya m'banja mwanga inali pa kakulungidwe kameneka.

Amuna anga ankalemba motere. Mzere uliwonse unkayamba ndi mawu akuti echo, ndiko kuti tulutsa. Kenako kachizindikiro kotsegula mawu, kachidutswa ka HTML, kachizindikiro kotseka, kadontho, dzina la chinthu, kadontho kena, kutsegulanso, kamzere kopendekera kotchinjiriza kachizindikiro kena kamene kali m'kati, mpaka mzerewo kutuluka kunja kwa sikirini, umachita kuulondola ndi chala. Zonse zinkakhala mu fayilo imodzi, kukatenga zinthu momwemo, kuwerengera momwemo, maonekedwe momwemo, ngati mpunga wosakanikirana ndi mchenga. Ukangophonya kachizindikiro kamodzi, seva inkakana zonse. Tsamba linkatuluka loyera mbee, lopanda ndi chilembo chomwe.

Ndipo tsamba likayera, ine ndinkamenyedwa.

Ndinaphunzira ntchitoyi chifukwa iwo ankandisiyira. Kasitomala akafuna kusintha kanthu, ankanditsegulira fayilo, n'kuloza malo, iwo n'kunyamuka kuti akukaonana ndi anthu. Anthu akewo anali mabotolo a kuseri kwa depoti. Ine ndinkatsala ndi mizere ija, mtima uli m'mwamba, ndikuwerenga timadontho ngati wosankha nyemba. Tizizindikiro tonse tovutato pa kiyibodi tili kumanja, kumapeto, ndipo kamene kamatidina ndi kachala kakang'ono komweka. Ndikalakwitsa, kasitomala sankaimbira ine, ankaimbira iwo. Pasanapite nthawi ndinkamva nsapato zawo pakhonde.

Anali ndi dongosolo lake, bambo amene aja. Ankayamba atseka chitseko, n'kukhoma. Kenako ankakweza wailesi. Akatero ankavula wotchi n'kuiika pa fotokope kuti isasweke. Ulendo woyamba inali mbama imodzi, khutu linalira tsiku lonse. Ulendo wina anandigwira tsitsi n'kundikankhira nkhope pa sikirini kuti ndione bwino pamene ndaphonya, mphuno inatuluka magazi n'kudonthera pa mapepala a pulogalamu ya ukwati wa eni ake, ndipo ndinamenyedwanso chifukwa cha mapepalawo. Telala wa khomo linalo ankamva zonse. Ndinkadziwa kuti akumva chifukwa makina ake ankayamba kuthamanga kwambiri.

Zinthu zinafika poipa titapeza kasitomala wa ku Bwanje. Inali kalabu ya alimi a mpunga, ankafuna tsamba loti ogula a m'tauni aziona mpunga umene ulipo. Wapampando wawo anali mayi wina wojintcha, wa mawu aakulu, wothimbirira ndi dzuwa la kuchigwa. Ankabwera yekha, mbali ina pa njinga, mbali ina pa matola, atamangirira pampu ya njinga m'chikwama kuopa akuba. Ndinawakonda mayi aja, koma ntchito yawo inali yondiphetsa. Lero mpunga wa faya watha, chotsani. Mawa kilombero wapunthidwa, ikani. Mkuja chithunzi chija n'chakale, sinthani. Kusintha kulikonse kunali kulowa m'minga muja.

Tsiku lina ndinachotsa mzere wa faya, osaona kuti kachizindikiro kotseka mndandanda wonse wa mpunga kanali kumapeto kwa mzere womwewo. Tsamba linayera pa tsiku limene ogula ena a ku Blantyre anauzidwa kuti alione. Amuna anga anabwera akununkha mowa dzuwa lili paliwombo. Chitseko, wailesi, wotchi. Tsiku limenelo anazula chingwe cha chaja ya laputopu n'kuchipinda pawiri. Chingwe chimenechi chili ndi kachitsulo kunsonga, ndipo kachitsuloko n'kamene kanandilemba msana wonse ndi m'ntchafu. Ndinakwawira pansi pa tebulo, anandikoka mwendo. Ndinali ndi mwana wa miyezi yochepa, ndinali nditamugoneka pa katoni ya mapepala pakona, ndipo chimene ndinkachita n'kudziluma mlomo kuti ndisakuwe, angadzuke. Anadzukabe. Atamaliza, bambo aja anakhala pansi, n'kukonza tsambalo kanthawi kochepa chabe, n'kuvalanso wotchi yawo.

Ndinapita ku Biriwiri kukawaonetsa mayi anga msana. Analira, anandithira madzi ofunda a mchere, kenako anandifunsa chimene ndinalakwa. Nditafotokoza, anati ndiye vutotu likudziwika, mwanawe, ungosamala polemba, tsambalo likasiya kuyera mwamunayo alibe chokumenyera. Sindikuwada mayi anga. Iwo ankadziwa za munda, kuti ukachotsa chimene chikudwalitsa mbewu, mbewu imachira. Inenso ndinakhulupirira zomwezo, ndi mtima wonse. Ndinabwerera pa boma nditatsimikiza kuti mdani wanga ndi tsamba loyera, ndipo ndithana nalo.

Mwayi unapezeka amuna anga atapita ku Lilongwe masiku angapo kukaika makompyuta pa ofesi ina. Anandisiyira laputopu kuti ndizisamalira makasitomala, n'kundilonjeza zimene ndidzaone akadzamva kuti china chayera. Ndinagula bandulo ya intaneti n'kuyamba kufunsa funso limene linkandisowetsa mtendere: kodi anthu onse padziko lapansi amalemba chonchi? Chingerezi changa n'cha ku sekondale ya masana, koma ndinalimbana nacho, mwana ali kumbuyo. Zimene ndinapeza zinandipsetsa mtima mpaka ndinaimirira n'kuzungulira m'shopu muja ndekhandekha.

Asa! Kani sipafunika echo pa mzere uliwonse. Ukhoza kutseka PHP, n'kulemba HTML yako poyera monga mmene ilili, yooneka bwinobwino, n'kungosiya timipata pamene pakufunika dzina la mpunga kapena chithunzi, seva n'kumadzaza yokha timipatato. Ndime yaitali ukhoza kuilemba yonse pamodzi pakati pa mawu awiri, otsegula ndi otseka, njira imene amaitcha heredoc, osavutika ndi timadontho. Ndipo anthu anzeru zawo amagawa ntchito: fayilo ina yokatenga zinthu, fayilo ina ya maonekedwe okhaokha. Mutu wa tsamba ndi kumapazi kwake umalemba kamodzi, masamba onse n'kumabwereka pomwepo.

Ndinayamba kupeta webusaiti ya alimi a mpunga ija. Ndinasunga kaye fayilo yakale pambali, mantha ndinali nawo. Kenako ndinatola HTML yonse m'minga muja, kachidutswa ndi kachidutswa, n'kuiyala pa fayilo yakeyake. Mizere ya mitundu ya mpunga imene iwo ankalemba umodziumodzi, ine ndinalemba mzere umodzi wokha n'kuuza seva kuti iziubwereza pa mtundu uliwonse umene ulipo. Ndinapezanso kuti khodi yawo inkapita kukafunsa kosungira zinthu pa mzere uliwonse, ngati mkazi wopita kuchitsime ndi kapu. Ndinaisintha kuti izipita kamodzi n'kubwera ndi zonse. Nditatsegula tsambalo linatuluka lomwe lija, mitundu yomweyo, zithunzi zomwezo, koma kumbuyo kwake kunali koyera ngati pabwalo posesa. Ndinalira, ndikunena zoona, ndinalira ndi chimwemwe.

Amuna anga atabwerako sanadziwe kanthu, chifukwa kunja kwa tsambalo sikunasinthe, ndipo fayilo ya alimiwo sankaitsegulanso, inali mtolo wanga. Milungu inadutsa. Faya anatha, kilombero anabwera, zithunzi zinasinthidwa, tsamba osayera ngakhale kamodzi. Nsapato zikamveka pakhonde mtima unkagundabe, koma chitseko sichinkakhomedwa. Mabala anapola. Ndinayambiranso kupita ku kwaya, ndinanenepako, anzanga n'kumandinena kuti banja landiyanja. Mumtima ndinkati mayi anga ananena zoona, ndachotsa chodwalitsa, mbewu yachira. Ndinkaganiza zodzawaonetsa amuna anga tsiku lina ali osangalala, kuti mwina tikonze mawebusaiti enawo chimodzimodzi. Uchitsiru wake!

Mayi a ku Bwanje aja ndi amene ndinawaonetsa. Anabwera tsiku lina amuna anga kulibe, akudabwa kuti masiku ano tsamba likutseguka msanga ngakhale kuchigwa kumene netiweki imavuta. Ndinalephera kudzigwira, ndinawatsegulira fayilo ya maonekedwe ija. Iwo za khodi sankadziwa, koma anayang'anitsitsa, n'kuloza ndi chala kuti apa ndi pamene pamakhala dzina la mpunga, apa chithunzi. Ndinavomera. Anawomba m'manja n'kunena kuti zoterezi ngakhale mwana wawo wa ku sekondale akhoza kuzitsata.

Ulendo wotsatira anawapeza amuna anga ali m'shopu. Anabwera ndi kathumba ka mpunga kuti tijambule, ndipo asanakhale n'komwe pansi anayamba kuyamikira. Anati bambo, muli ndi mkazi, mumusunge. Anafotokoza zonse, za kutseguka msanga, za fayilo yooneka bwino, mpaka mawu aja a mwana wa ku sekondale. Ankanena ndi mtima wabwino, mayi wa anthu. Amuna anga ankangomwetulira n'kumagwedeza mutu. Ine ndinayang'ana dzanja lawo, ndinaona chala chikusisita lamba wa wotchi.

Mayi aja atangotuluka, chitseko chinakhomedwa. Wailesi inakwera. Wotchi inapita pa fotokope. Koma sanandimenye nthawi yomweyo. Anakhala pa mpando, anatsegula laputopu, anawerenga mafayilo anga onse mwakachetechete, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kenako anatembenuka.

"Iwe ukuganiza kuti ine zimenezi sindizidziwa?"

Anayamba kutchula njira zonse zimene ndinagwiritsa ntchito, ndi mayina ake, ndi zina zimene ndinali ndisanazimve n'komwe. Ankazidziwa zonse kuyambira kale, kuposa ine. Anati ku Lilongwe anawaphunzitsa zimenezo chaka choyamba.

"Ndimalemba muja dala. Uja ndi mpanda. Kasitomala akafuna kuthawira kwa wina, winayo akatsegula amangotseka yekha, kasitomala n'kubwerera kwa ine. Palibe amene amagwira ntchito yanga popanda ine. Iwe wagumula mpanda wanga, mpaka mwana wa sukulu azilowa."

Ndinati koma tsamba silikuyeranso, bambo. Ndi mawu okhawo amene ndinanena. Anaimirira n'kundiuza kuti ndikhale pa mpandopo, ndiwalozere pamene ndinayambira kusintha. Ndinakhala. Ndinaika dzanja lamanja pa kiyibodi kuti nditsitse tsamba. Iwo anagwira chivundikiro cha laputopu ndi manja awiri n'kuchimenyetsa pansi, dzanja langa lili m'kati, kenako anatsamirapo ndi thupi lonse. Zala zinazo ndinazisolola, kakang'onoka kanatsalira cha kumphepete. Ndinamva kuti thyo, ngati kuthyola phesi louma. Tsiku limenelo ndinakuwa, za mwana sindinaziganize. Atatsegula anapeza sikirini yang'aluka pakona, ndipo ukali unachita kuwirikiza. Anandigwetsa pa mpando, anandiponda m'nthiti, anandimenyetsa mutu ku mwendo wa tebulo. Makina a telala ankathamanga ngati akusoka yunifolomu ya sukulu yonse.

Chimene chinandipulumutsa ndi kathumba ka mpunga kaja. Mayi a ku Bwanje anakumbukira ali pa depoti kuti sanatenge, ndipo kanali ka mwini wake. Atafika pakhonde anamva zimene telala ankamva miyezi yonse ija, koma iwo analibe makina osokera. Anagogoda kamodzi. Kachiwiri anaponda chitseko ndi phazi, loko n'kuzuka ndi thabwa lake. Analowa pampu ya njinga ili m'manja. Amuna anga anatembenuka kuti awakalipire, pampu inatera pakamwa, inateranso paphewa, bambo aja anakagwera pa fotokope, wotchi n'kugwa pansi n'kusweka. Mayi aja sananene zambiri. Anabereka mwana wanga kumbuyo kwawo, anandidzutsa, anaitana wakabaza n'kupita nane kuchipatala. Ali m'njira ankangobwereza kuti pakamwa pawo ndi pamene pandipweteketsa, ine n'kumawauza kuti ayi.

Kuchokera kuchipatala ndinapita ku Biriwiri, dzanja lili m'chikhakha. Patapita milungu ingapo amuna anga anatumiza mawu kuti akufuna ankhoswe akhale pansi. Tinakumana pakhonde pa amalume anga, amene anali nkhoswe ya mbali yanga, pambali pa matumba a kachewere oyembekeza galimoto. Mbali yawo kunabwera akulu awo, munthu wofatsa, wa mpingo. Mayi anga anakhala pamphasa chapatali. Amuna anga anafika atavala jekete, mlomo utapola, chikwama cha laputopu chili paphewa.

Analankhula bwino, pakamwa anali napo. Anati anapsa mtima, Satana anawalowa, akupepesa kwa amalume, kwa mayi, ndi kwa ine. Anati akufuna mkazi wawo ndi mwana wawo abwerere. Akulu awo anawadzudzula pamaso pa onse, iwo n'kumangoti ndamva. Kenako anati ali ndi pempho limodzi lokha, laling'ono, kuti nkhani ithe: popeza chinayambitsa zonse ndi ntchito imene ndinasintha osawauza, ndiibwezeretse mmene inalili, ndi manja anga, pomwepo pamaso pa akuluakulu, kuti zioneke kuti ndagonja ngati mkazi. Anatulutsa laputopu, anaiika pa kampando, anaitsegula. Mng'alu uja unali pomwepo pakona.

Akuluakulu aja anapuma mpweya wa mpumulo. Kwa iwo chinali chinthu chochepa, ngati kubweza khasu pamalo pake. Amalume anati nanga pamenepa pali vuto, mwanawe? Mayi anga anandiyang'ana n'kugwedeza mutu kuti ndivomere. Palibe mwa iwo amene ankadziwa chimene ine ndi bambo aja tinkadziwa tonse awiri: fayilo yakale ija inali momwemo mu laputopu, pamene ndinaisunga, ndipo akanatha kuibwezeretsa okha asanamalize n'komwe kumwa kapu ya madzi. Sankafuna fayilo. Ankafuna kundiona ndikumanganso mpanda uja ndi dzanja lothyoka, kadontho ndi kadontho, ine ndili m'kati mwake.

Ndinasendera pafupi, ndinagwada pa kampando paja. Pa sikirini panali fayilo yanga ya maonekedwe, yoyera, mzere uliwonse pamalo pake. Ndinaiwerenga yonse. Mtima unandiwawa, osati ndi mantha ayi, koma ndi ukali umene ndinali ndisanaumvepo, wozizira. Ndinalankhula ndikuyang'ana amuna anga, koma mokweza kuti mayi anga amve.

"Bambo, tsamba likayera munkandimenya. Litasiya kuyera mwandithyola chala. Tandiuzani pamaso pa anthuwa, ndilembe motani kuti musadzandimenyenso?"

Anatsegula pakamwa, anatsekanso. Anayang'ana akulu awo, akulu awo anayang'ana pansi. Tinadikira. Galimoto ya kabichi inadutsa pamsewu, inakafika kutali mpaka kusamvekanso, yankho osabwera. Munthu wodziwa njira zonse za kalembedwe, ndi mayina ake omwe, analibe njira imodzi yoti andiuze. Ndinamva mayi anga akufwenthera kumbuyo kwanga.

Ndinachotsa manja onse awiri pa kampando paja, ndinaonetsetsa kuti palibe chala chatsalira, kenako ndinatseka laputopu ija pang'onopang'ono ndi chigongono. Amalume anaimirira, anainyamula ndi manja awiri n'kuipereka kwa akulu awo a bambo aja.

"Katundu wanu ndi ameneyu," anatero amalume. "Wathu watsala konkuno."

Ntchitoyi ndimaigwirabe, pa laputopu yanga, ndipo webusaiti ya alimi a ku Bwanje ili m'manja mwa mwana wa mayi aja, amandiimbira mwa apo ndi apo akakanika. Tizizindikiro ta kumapeto kwa kiyibodi ndimatidina ndi chala chinacho, choyandikana nako. Kakang'onoka kamangoima pambali, sikagwira ntchito ya munthu.